Kufufuza Zovuta pa Mthirira Wodontheza m'Madimba a Pakhomo

Mawu olankhulidwa kwa alangizi a zaulimi wa m'madimba

Nkhani ya lero ndi ya mthirira wodontheza, makamaka uja wa ndowa kapena wa mgolo umene mabanja amaika m'madimba a pakhomo. Kaikidwe kake alangizi ambiri akukadziwa, popeza ndi kamene kamaphunzitsidwa pa tsiku logawa zipangizo. Chimene chimasowa ndi nzeru ya mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene mlimi wabwera ndi dandaulo lakuti mapaipi aleka kutulutsa madzi ndipo matimati a kumapeto kwa mzere afota. Mlangizi akasowa yankho pa tsiku limenelo, kawirikawiri mlimi amapinda mapaipi aja, ndowa nkulowa kukhitchini, iye nkubwerera ku kheni yake yakale.

Izi zinachitikadi ku Zimbabwe. Pa nthawi ya chilala ndi njala, kuyambira cha m'ma 2002, mabungwe othandiza anagawa zipangizo zotere kwa mabanja ambirimbiri. Kafukufuku amene bungwe la ICRISAT linafalitsa mu 2007 anapeza kuti mabanja ochuluka anazisiya patangopita zaka zowerengeka. Ena anali kutali ndi madzi, ndipo pamenepo mlangizi sakanachitapo kanthu. Koma chifukwa china chinali chakuti ogawa atachoka, panalibe wobwerera kudzathandiza pamene zinthu zavuta. Mbali imeneyo ndi ya mlangizi.

Kumene mphamvu ya madzi imachokera

Mthirira wodontheza wamakono unakhazikika ku Israel, kumene Simcha Blass anapanga kabowo ka pulasitiki kochedwetsa madzi, ndipo kampani ya Netafim inayamba ntchito ku Hatzerim mu 1965. Zipangizo za mtundu umenewu zinapangidwira minda ikuluikulu ya mapampu a injini. Njira ya ndowa, imene Richard Chapin wa ku America anaitchukitsa, inadza kuti ithandize mlimi wopanda pampu: ndowa ya malita 20 pa nsanja yotalika mita imodzi, mapaipi awiri a mamita 15 iliyonse, ndi timabowo totalikirana masentimita 30. Mapaipi a njira ziwirizi amaoneka ofanana, koma mphamvu yokankha madzi m'kati mwake ndi yosiyana kwambiri, ndipo zovuta zambiri za m'dimba zimayambira pamenepo.

Mphamvu ya madzi m'paipi ya ndowa imachokera ku kutalika kwa pamene madzi ali pamwamba pa kabowo kodontheza, osati ku kuchuluka kwa madziwo. Mfundoyi alimi ambiri amavutika kuikhulupirira, ngakhale alangizi ena amene. Mgolo wa malita 200 woimikidwa pansi umakankha madzi mofooka kuposa ndowa ya malita 20 yokhazikidwa pa nsanja ya mamita awiri. Madzi okwezedwa mamita 10 amapereka mphamvu pafupifupi bar imodzi. Motero ndowa ya pa mita imodzi ili ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a bar.

Nambala imene imalembedwa pa paketi ya timabowo ta m'sitolo, monga malita 2 pa ola, kawirikawiri imatanthauza madzi otuluka pa mphamvu ya bar imodzi. Kabowo komweko kakalumikizidwa ku ndowa ya pa mita imodzi kamatulutsa pafupifupi mamililita 630 pa ola, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene zalembedwa. Kabowoko sikanawonongeke, ndipo wogulitsa sananame. Pa timabowo tambiri madzi otuluka sakwera mofanana ndi mphamvu: kuti achuluke kawiri, mphamvu iyenera kuchuluka kanayi. Kukweza nsanja kuchoka pa mita imodzi kufika pa mita ndi theka kumawonjezera madzi ndi magawo 22 okha pa 100. Mlangizi wolamula kuti nsanja ikwezedwe azikumbukiranso kuti malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo amene amawanyamula m'mawa ndi madzulo nthawi zambiri ndi mayi kapena mwana.

Pali timabowo tina tokhala ndi kamphira m'kati, timene timadziwongolera tokha kuti madzi azituluka mofanana ngakhale mphamvu isinthe. Ndi tabwino pa munda wa pampu, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Tambiri mwa timeneti timafuna madzi okwezedwa mamita 5 kapena kuposerapo kuti tigwire ntchito yake, ndipo tina sititseguka nkomwe mphamvu ikachepa. Mlimi wa ndowa akagula timeneti poganiza kuti chodula ndiye chabwino, wataya ndalama zake.

Akatswiri a mthirira amalola kuti mphamvu isiyane ndi magawo 20 pa 100 pakati pa kabowo koyamba ndi komaliza, chifukwa pamenepo madzi otuluka amasiyana ndi magawo 10 okha. Pa munda wa pampu magawo 20 amenewa ndi mamita awiri athunthu. Pa ndowa ya pa mita imodzi ndi masentimita 20, utali wa chikhatho chotambasula, ndipo m'chikhatho chimenecho muyenera kukwana kutsetsereka kwa nthaka pamodzi ndi mphamvu imene madzi amataya pokhulana ndi paipi. Dimba lotsika masentimita awiri pa mita iliyonse limaoneka lathyathyathya ndi maso, koma pa mamita 15 latsika kale masentimita 30. Paipi ikayalidwa chokwera pa malo otere, kabowo komaliza kamalandira madzi ochepera ndi magawo 16 pa 100, kukhulana kusanawerengedwe. Nchifukwa chake mapaipi amayalidwa mopingasa chitunda, monga mmene akalozera amayendera, ndipo ndowa imakhala kumtunda kwa dimba.

M'matauni vuto limatembenuka. Madzi a pampopi nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa imene mapaipi opyapyala angapirire, makamaka usiku pamene anthu sakutunga, ndipo masana amafooka kapena kusowa. Zotsatira zake ndi mfundo zosololoka ndi mapaipi ong'ambika. Njira yotsika mtengo ndiyo kudzaza mgolo kuchokera pampopi, dimba nkumamwa kuchokera mu mgolomo.

Zitini ndi kapaipi koonekera

Mlangizi asanakhudze kabowo kalikonse ayenera kuyeza, ndipo zoyezera zake zimakwana m'chikwama cha panjinga. Choyamba ndi zitini 12 zofanana, wotchi, ndi chubu cha jekeseni chopanda singano choyezera mamililita. Ndowa ikadzazidwa ndipo madzi ayenda kwa mphindi zingapo, zitini zimaikidwa pansi pa timabowo 6 pa paipi iliyonse, kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, kwa mphindi 10. Pofuna kuti paipi isakwezedwe, nkofunika kukumba kadzenje koikamo chitini. Kenaka madzi a m'chitini chilichonse amayezedwa ndi kulembedwa motsatira malo ake.

Kuwerengera kwake nkosavuta. Mlangizi amatenga zitini zitatu za madzi ochepetsetsa napeza pakatikati pake, kenaka nkuyerekeza ndi pakatikati pa zitini zonse 12. Mwachitsanzo, ngati zonse zapereka mamililita 100 pakatikati, koma zitatu zochepetsetsa zapereka 65, ndiye kuti kufanana kwa kathiridwe kuli pa magawo 65 pa 100. Kupitirira 90 ndi bwino kwambiri, pakati pa 80 ndi 90 nkovomerezeka, ndipo kukatsika pansi pa 70 pali ntchito yoti ichitike. Muyeso umenewu umathandiza koposa ngati unachitikanso pa tsiku loika zipangizo nkulembedwa m'kope la mlimi. Popanda nambala ya tsiku loyamba, palibe angadziwe ngati madzi achepa kapena anali otero chiyambire.

Komabe nambalayi imangonena kuti pali vuto. Chimene chimaulula gwero lake ndi malo a zitini zochepazo. Madzi akamachepa pang'onopang'ono kuchokera ku ndowa kupita kumapeto, vuto ndi la mphamvu: paipi yatalika kwambiri kapena ikukwera chitunda. Akachepa mwa apo ndi apo, chitini chodzaza nkuyandikana ndi chouma, timabowo tatsekeka. Akachepa mofanana paliponse, diso lipite ku sefa, ku kampopi ka pansi pa ndowa, kapena ku paipi yopindika. Malo amodzi akachita chithaphwi ndipo timabowo ta kutsogolo kwake tafooka, paipi yabooka, kaya ndi khasu popalira kaya ndi makoswe, amene m'chilimwe amatafuna mapaipi pofuna madzi.

Choyezera chachiwiri ndi kapaipi koonekera m'kati, kotalika mamita awiri, konga kamene amisiri omanga nyumba amayezera levulo. Kamalumikizidwa kumapeto kwa paipi yodontheza nkumangiriridwa choimirira pa mtengo. Madzi amakwera m'menemo kufika pa msinkhu wofanana ndi mphamvu imene yatsala pa malopo, ndipo mlimi amaiona ndi maso ake, chinthu chimene chimathetsa mikangano yambiri. Madzi akakwera pafupifupi kulingana ndi a mu ndowa, koma timabowo nkukhala touma, mphamvu ilipo yokwanira ndipo vuto ndi kutsekeka. Kukweza nsanja sikungathandize. Akaima pansi kwambiri, mlangizi atsuke sefa naonenso. Ngati akwera, wolakwa anali sefa. Ngati sakwera, atseke mapaipi ena onse ndi kusiya imodzi. Madzi akakwera pamenepo, ndiye kuti paipi yochokera ku ndowa ndi yaing'ono kapena mapaipi achuluka. Kuchepetsa kukula kwa paipi ndi theka kumachulukitsa mphamvu yotayika koposa kakhumi, choncho kachidutswa ka paipi yopapatiza kamene mlimi analumikizira posowa ina kangathe kufooketsa dimba lonse. Kapaipi koonekera komweko, kakachotsedwa nkudzazidwa madzi, kamayezanso kutsetsereka kwa nthaka monga amachitira amisiri aja.

Mpweya nawo umasokoneza. Paipi yochokera ku ndowa ikakhala ndi linunda, mpweya umakodwa pamwamba pake, ndipo mphamvu ya mita imodzi siikwanitsa kuukankha. Chizindikiro chake ndi madzi amene dzulo amatuluka bwino, lero akana, mawa atulukanso. Kuwongola paipiyo kuti izitsika mosalekeza, ndi kutsegula mapeto a mapaipi podzaza ndowa mpaka mpweya utatha, kumathetsa vutoli.

Zimene zimatseka timabowo

Njira ya madzi m'kati mwa kabowo ndi yopapatiza, kawirikawiri yosafika milimita imodzi, ndipo ndi yokhotakhota. Pa mphamvu ya pampu tizinyalala tina timakankhidwa nkutuluka. Pa mphamvu ya ndowa madzi amayenda mwaulesi, motero chilichonse chimene chalowa chimadikha.

Choyamba ndi matope ndi mchenga. Madzi a m'zitsime zosaya za kudambo amavunduka nthawi iliyonse imene ndowa yaponyedwamo, ndipo pampu yopalasa ndi miyendo imakoka matope ngati paipi yake yagunda pansi. Madzi otere ayenera kugona mu mgolo usiku wonse, kenaka nkutsanulidwa mu ndowa kudzera pa nsalu yopinda kangapo. Bowo lotulukira madzi likhale masentimita angapo pamwamba pa tsinde la ndowa kuti zodikha zisalowe m'paipi. Sefa imene opanga zipangizo amalangiza kawirikawiri ndi ya nambala 120 mpaka 150, yogwira tinthu tokula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo pa madzi a kudambo iyenera kutsukidwa tsiku ndi tsiku ndi mswachi wakale. Alimi ena, poona kuti sefa ikuchedwetsa madzi, amaichotsa. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri zinthu zimaoneka ngati zakhala bwino, kenaka timabowo timatsekeka tonse pamodzi. Mlangizi akafika pa dimba lovuta, ndi bwino atsegule chosungira sefa ndi manja ake m'malo mongofunsa.

Ngakhale sefa ikhale yabwino, fumbi losalala limadutsabe nkukadikha kumapeto kwa mapaipi, kumene madzi amayenda pang'ono kwambiri. Nchifukwa chake mapeto amapindidwa ndi kumangidwa m'njira yoti azimasulika. Sabata iliyonse, kapena masabata awiri alionse ngati madzi ndi oyera, mlimi atsegule mapetowo ndowa ili yodzaza mpaka madzi otuluka atayera. Atsegule paipi imodzi pa nthawi. Akatsegula zonse pamodzi, liwiro limachepa ndipo matope satuluka. Timabowo tiziyang'ana kumwamba, popeza matope amadikha pansi pa paipi, ndiponso kabowo kogona m'dothi kamayamwa matope pamene ndowa yatha madzi.

Chachiwiri ndi ndere ndi utoto woterera wa tizilombo tosaoneka. Ndere zimafuna kuwala, motero ndowa yoyera kapena yosavundikira imazibala msanga. Ndowa ikhale yakuda kapena yokutidwa ndi chiguduli, ndipo ikhale ndi chivundikiro. Zikalowa kale m'mapaipi, mankhwala oyeretsera zovala monga Jik amathandiza. Pa mankhwala a mphamvu ya magawo 3.5 pa 100, masupuni ang'ono a tiyi awiri mu malita 20 amakwana. Madziwo alowe m'mapaipi, akhalemo pafupifupi ola limodzi, kenaka mapaipi atsukidwe ndi madzi oyera. Ntchito imeneyi imayenda bwino mapaipi atachotsedwa pa mbewu zanthete. Mankhwalawa asasakanizidwe ndi viniga kapena feteleza, chifukwa pamatuluka mpweya woopsa.

Chachitatu chimanyenga kwambiri, chifukwa chimabwera ndi madzi ooneka oyera. Madzi a mijigo ina ali ndi chitsulo chosungunuka, chimene chikakumana ndi mpweya chimasanduka dzimbiri lofiirira. Kuyeza kwake ndi kusiya madzi m'botolo loyera losatseka kwa tsiku limodzi. Pansi pakaoneka zofiirira, chitsulo chilimo. Madzi otere atsanulidwe mothovoka kuchokera pamwamba kuti alowe mpweya, agone mu mgolo tsiku limodzi kapena awiri, dzimbiri lidikhe kunja kwa mapaipi. Mijigo ina ili ndi laimu, yemwe uja amamatira m'ketulo. Pakamwa pa kabowo pamaoneka zoyera zouma, ndipo zikadonthezeredwa viniga zimachita thovu. Timabowo tochotseka tingaviikidwe mu viniga usiku wonse nkutsukidwa.

Feteleza wothiridwa mu ndowa amatsekanso timabowo. Yureya amasungunuka bwino. Koma feteleza wokulitsa monga 23:21:0+4S kapena D kompaundi sasungunuka yense, ndipo fosifeti wake akakumana ndi madzi a laimu amapanga zoyera zosasungunuka m'kati mwa paipi. CAN naye amasiya zotsalira. Manyowa oviika m'madzi, amene alangizi ambiri amawalimbikitsa ndipo ndi abwinodi ku mbewu, athiridwe ndi kheni pa tsinde, asadutse mu ndowa.

Mlimi akaona kabowo kouma, dzanja lake limathamangira ku munga, singano kapena waya. Pa mapaipi a timabowo ta m'kati, chotseka chimakhala mu njira yokhotakhota ija, kumene munga sufika. Mungawo umangoboola khoma, madzi nkumatuluka mosadutsa mochedwetsa muja, ndipo kabowo kamodzi kamamwa madzi a timabowo tambiri. Choyenera ndi kufinya ndi kugogoda pa kabowopo ndi chala madzi akuyenda, kenaka nkutsuka paipi. Kakakanika, kachidutswako kadulidwe nkulumikiza china. Pa zipangizo za timachubu ting'onoting'ono tolowetsa m'paipi ntchito ndi yopepuka, popeza kachubu kamasololedwa, kuuziridwa ndi pakamwa, nkubwezeredwa.

Pamene zipangizo zilibe mlandu

Nthawi zina zitini zimadzaza mofanana, madzi m'kapaipi koonekera amakwera bwino, koma mlimi nkumadandaulabe. Mlimi wozolowera kheni amafuna kuona bedi lonse litanyowa, pamene mthirira wodontheza umasiya kabwalo kakang'ono konyowa pamwamba, chinyezi chochuluka chili pansi. Yankho la mlangizi ndi khasu: akumbe pambali pa kabowo patapita maola angapo chithirireni, mlimi aone ndi kukhudza. M'dothi la makande chinyezi chimafalikira m'mbali. Mu mchenga chimatsika chowongoka ngati muzu wa karoti, ndipo pamenepo mbewu iyenera kukhala pafupi ndi kabowo, madzi nkumaperekedwa pang'ono koma kawirikawiri.

Koma dandaulo la mlimi likhoza kukhala loona ngakhale kabowo kalikonse kali bwino. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. M'miyezi yotentha ya Seputembala ndi Okutobala, masamba ndi matimati okhwima amene aphimba nthaka angafune mamilimita 5 mpaka 7 pa tsiku m'madera ambiri a chigawo chino, ndipo m'zigwa zotentha monga za Shire, Luangwa ndi Zambezi kufunikako kumakhala kwakukulu. Bedi la mamita 15 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi lingafune malita 75 mpaka 105. Ndowa ziwiri pa tsiku, zimene zimakwanira mbewu zikadali zazing'ono m'nyengo yozizira ya Juni, ndi malita 40 okha. Mbewu zikafota mofanana mzere wonse masana a Okutobala, mlangizi awerenge ndowa zimene zikuthiridwa pa tsiku asanamasule chilichonse. Kuphimbira nthaka ndi udzu kumachepetsa madzi ouluka, ndipo kumatetezanso mapaipi ku dzuwa, ngakhale kumafuna kuyang'anira chiswe. Ngati banja silingathe kutunga ndowa zinayi kapena zisanu pa tsiku, nkwabwino kulima bedi lalifupi limene madzi ake angakwane.

M'madera a madzi a mchere, monga mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje, m'mphepete mwa kabwalo konyowa mumaoneka mzere woyera. Umenewo ndi mchere wokankhidwira kunja kwa mizu, ndipo si chizindikiro cha kutsekeka. Ngozi imabwera ndi mvula yoyamba yowaza, imene imausungunula nkuulowetsa ku mizu. Pa tsiku lotero ndowa idzazidwe ndi kutsegulidwa ngakhale kukugwa mvula, kuti madontho apitirize kukankhira mcherewo kutali ndi tsinde.